Chigayo, Dona ndi Mabotolo a Tsabola

Ine si munthu wa nkhani zambiri. Koma ya makina aja ndinena, chifukwa alamu anga amaipotoza akamaifotokoza m'maukwati.

Ndinachoka ku Lilongwe nthawi imene ankagwetsa mitengo kumene lero kuli maofesi a boma. Kunali tchire lokhalokha. Ankati likulu likusamuka ku Zomba kubwera kuno. Sindinakhulupirire. Boma lisiye phiri lozizira, lidzakhale pa fumbi lathuli? Ndinanyamulako njerwa pang'ono, msana unakana. Mnzanga wina anati ku Joni kuli bwino. Ndinapita selefu, popanda wondilemba ntchito, popanda wondidikira.

Lilongwe amene ndinamusiya anali wa matumba. Matumba a chimanga, matumba a mtedza, mabelo a fodya. Kuchokera pa mlatho kukafika kumsika, chilichonse chogulitsa chinali m'thumba kapena m'dengu.

Mkazi wanga ndi Nachisale. Ndinamusiya ku Area 1, m'kanyumba ka chipinda chimodzi, ali ndi mwana kumbuyo, Esnati. Malo anali a kwawo. Ine ndinali mkamwini. Pa depoti anangoti, "Musakatchone."

Ndinati, "Iyayi."

Basi inanyamuka.

Ku Joni ndinayamba ndi kukumba m'minda ya maluwa. Kenako ndinalowa m'fakitale ina yolongedza katundu. Sopo, mafuta ophikira, mankhwala a chifuwa. Zina m'mabotolo, zina m'zitini, zonse m'makatoni. Ntchito yanga inali yolemba pa makatoni. Chitsulo chobooledwa zilembo, bulashi, penti wakuda. Tsiku lonse. Manja anga anada kuposa mmene Mulungu anawapangira.

Tinkagona ku komboni, amuna okhaokha, mabedi osanjikizana. Chisanu cha kumeneko chimaluma mafupa. Bedi la pamwamba panga linali la aMhango, Mtumbuka wa ku Rumphi. Munthu wa sukulu kuposa ine, wa tchalitchi, waukhondo. Thalauza ankaliyala pansi pa matiresi kuti liwongoke. M'mawa uliwonse nyimbo ya Mulungu, kaya kuli chisanu kaya mutu ukukuwawa. Iye ankayankhula, ine ndinkamvera. Ubwenzi unayenda bwino.

Loweruka tinkaphika limodzi. Iye ankati Achewa sitidziwa kuphika nyemba. Ine ndinkati Atumbuka amathira mawu ambiri kuposa mchere. Tinkadya mbale imodzi. Nditadwala chibayo, anandisambitsa ndi iye, akundilalatira kuti ndinagona osavala masokosi.

Kunyumba ndinkatumiza. Mabulangete, nsapato za mwana, nsalu. Zaka zoyambirira ndinabwerako kawiri. Kenako njira inavuta, mapepala anavuta, ndipo ntchito ukaisiya suipezanso. Ndinakhalitsa. Anthu ankati mtchona. Ine ndinkati ndili pa ntchito.

Nkhani za kwathu zinkabwera ndi anthu. Wina anati, "Akazi anu akuphika ku Area 11, kwa bwana wina wa m'boma, wa kumpoto."

AMhango anasekerera. "Kwa Atumbuka? Ndiye ali m'manja abwino. Mukadzabwerera mudzapeza akudziwa kuphika nyemba."

Chaka china kunabwera mizere. Masitolo akuluakulu anati katundu aliyense azikhala ndi timizere takuda, tina tonenepa, tina toonda. Ife tinkati mbidzi. Wogulitsa ankakhala ndi chinthu ngati cholembera, chili ndi kanyali kofiira kunsonga. Akachikhwekhwereza pa mbidzi chinkalira kuti pii, mtengo n'kuoneka. Chikapanda kulira, katundu ankabwezedwa ku fakitale.

Bulashi yanga inatha ntchito. Anabweretsa makina awiri osindikiza malebulo, timapepala tomata pa katundu. Onse anali ndi mabatani awo ngati tayipi ya mu ofesi. M'kati munali timasingano tomenya kansalu ka inki, n'kumasiya timadontho pa pepala. Chilembo chilichonse ndi madontho. Mzere uliwonse ndi madontho oyandikana. Nkhani yonse ili pamenepo.

Makina oyamba anali ndi masingano ochepa, onenepa. Madontho ake ukayang'anitsitsa umatha kuwawerenga. Anali achangu, olimba, aphokoso. Tinawatcha Chigayo. Anandipatsa ine, ndizipanga malebulo a makatoni.

Achiwiri anali ndi masingano ambiri, oonda ngati tsitsi. Madontho ake osaoneka ndi maso. Ankalemba pang'onopang'ono, ankadana ndi fumbi, ankafuna kuvundikiridwa nsalu tikaweruka. Tinawatcha Dona. Anapatsa aMhango, azipanga timalebulo ta mabotolo a mankhwala.

Mkangano unayamba tsiku lomwelo.

"Onani zilembo zanu, achimwene," ankatero aMhango. "Ngati nkhuku yapalasa pa phulusa."

"Zimawerengeka."

"Onani za Dona. Ngati Baibulo."

"Baibulo silikwera lole."

Tinakangana mpaka kapitawo wathu, mdala wina wa Chizulu, anatopa nafe. Lachisanu lina ntchito itachepa anati tisinthane. Ine ndisindikize timalebulo ta mankhwala pa Chigayo. AMhango asindikize a makatoni pa Dona. Wogonja achapa zovala za mnzake.

Ndinayamba ine. Kalebulo kake kanali ngati bokosi la machesi. Pamenepo pakhale dzina la mankhwala, kamwedwe kake, chenjezo la ana, ndi mbidzi. Chigayo chinalira, chinalavula pepala. Zilembo zinagundana. Mzere woonda wa mbidzi unanenepa n'kudya mpata woyera wa pambali pake. Kapitawo anadutsitsa cholembera chija. Zii. Anabwerezanso. Zii. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi.

AMhango anavula jekete, anaipinda bwino. Anayamba. Dona analemba lebulo ya katoni yokongola zedi, ndipo cholembera chinalira pii. Koma lebulo imodzi inatenga nthawi imene Chigayo chikanatulutsa mulu. Panja lole inkadikira, dalaivala akuliza hutala. Posakhalitsa fumbi la makatoni linalowa m'masingano, Dona anayamba kudumpha mizere, kenako anaima. Kapitawo anatenga lebulo yabwino ija, anaimata pa katoni, anakaima nayo kumapeto kwa nyumba yosungira katundu pamodzi ndi ina ya Chigayo.

"Ndi iti ya Dona?" anakuwa.

Palibe anasiyanitsa. Pa mtunda umenewo kukongola konse kuja kunali kotaya nthawi.

Anagamula kuti tonse tagonja. Ine ndinachapa za aMhango, iwo anachapa zanga. Ine ndinapindula. Zanga zinali zakuda kwambiri.

Kuyambira pamenepo ndinadziwa lamulo lake. Usafunse kuti makina abwino ndi ati. Funsa kuti lebulo ndi yaikulu bwanji, mawu ndi angati, ndipo wowerenga aima pati. Lebulo yaikulu, mawu ochepa, wowerenga ali patali: madontho akulu akwana. Lebulo yaing'ono, mawu ambiri, mizere yothithikana: pamafunika madontho aang'ono. Ndinalidziwa bwino lamulo limeneli. Kudziwa ndi kwina.

Zaka zinapita. Tsitsi linayamba imvi. Eni fakitale anagula makina atsopano osindikiza ndi moto, opanda masingano, opanda phokoso. Chigayo ndi Dona anawakankhira pakona. Ine mawondo anali atayamba kudandaula ndi chisanu. Ndinati ndikupita kwathu. Kapitawo anandiitana ndi dzina limene ankatitchula ife a kuno.

"Nyasa, eni ake akuti zitsulo izi zitayidwe. Sankha chimodzi, upite nacho. Lole yopita kwanu siinganyamule ziwiri."

AMhango anali asanaganize zobwerera. Anandikokera pambali.

"Tengani Dona."

"Iyayi."

"Mverani ine. Dona angathe ntchito yaikulu ndi yaing'ono yomwe. Achedwa, koma aitha. Chigayo chanucho chimadziwa chinthu chimodzi."

"Dona afa ndi fumbi la ku Lilongwe."

"Mudzamuvundikira."

"Kwathu kulibe timabotolo. Kwathu ndi matumba ndi mabelo."

"Munachokako liti kwanuko?"

Ndinatenga Chigayo. AMhango anandithandiza kuchimanga m'bokosi la matabwa, akupukusa mutu. Anandipempherera pa geti, pemphero lalitali, dalaivala akudikira. Pomaliza anandipatsa masokosi.

Pa chipata cholowera m'dziko muno wa kasitomu anagogoda bokosi.

"Wailesi?"

"Iyayi."

Anatsegula, anayang'ana, anaitana mnzake. Anayang'ana onse awiri. Anatseka.

"Pitani, bambo. Pepani."

Lilongwe sindinamuzindikire. Misewu yotakata, ya phula, yozungulira pa mphambano. Kumene ndinanyamula njerwa kuja kunali nyumba zosanja, mbendera, anthu a mataye. Boma linabweradi. Ndinatsika ku Old Town ndi kufunsa njira ya kwathu ngati mlendo.

Kanyumba kaja kunalibe. Panali nyumba ya njerwa zootcha, ya malata, ya zipinda zinayi, waya wa magetsi ukulowa pa denga. Ndisanafike pa khomo ndinayetsemula. Pabwalo ponse panali tsabola wa kambuzi atayanikidwa pa mphasa. Pakhonde mabotolo ang'onoang'ono, otsukidwa, ataimikidwa m'mizere.

Nachisale anatuluka. Wanenepa, wavala magalasi, epuloni m'chiuno. Anandiyang'ana kuyambira ku chipewa mpaka ku nsapato.

"Mwafika."

"Ndafika."

"Madzi osamba ali kuseri."

Esnati anali atakwatiwa kale, ali ku Kasungu ndi ana ake. Ntchito ya ku Area 11 Nachisale anaisiya kalekale. Tsabola wake uja ankaphikira mabwana anatchuka, alendo a mabwanawo anayamba kupempha, ndiye anayamba kuthira m'mabotolo. Nyumba inamangidwa ndi tsabola. Mabulangete anga anangofunda anthu.

Mwambo mukuudziwa. Wochokera ku Joni satsegula katundu yekha. Abale amasonkhana, katundu amatsegulidwa poyera, aliyense alandire chake. Anabwera a kuchikazi onse. Wotsogolera anali alamu anga aYohane, mchimwene wake wa Nachisale, mlonda wa ku maofesi a boma, munthu wa pakamwa posatseka.

Sutikesi inayenda bwino. Jekete kwa aYohane. Nsalu kwa azimayi. Bulangete kwa apongozi. Nthungululu zinalira. Koma maso onse anali pa bokosi la matabwa. Ena ankati gumbagumba ya nyimbo. Ena ankati makina osokera. Mayi wina anali atayamba kale kunena za diresi la ukwati wa mwana wake.

Ndinazula misomali. Ndinachotsa matabwa.

AYohane anachizungulira, manja kumbuyo.

"Alamu, chimenechi chimaimba?"

"Iyayi."

"Chimasoka?"

"Iyayi."

"Chimaphika?"

"Chimalemba malebulo a matumba."

"A matumba."

"Eya."

"Zaka zonsezi, anzanu akubwera ndi njinga zamoto, inu mwatibweretsera mlembi wa matumba?"

Anthu anaseka mpaka apongozi anatsamwa. Nachisale sanaseke. Anangoti, "Alendo agona m'chipinda cha mabotolo."

Ndinagona mmenemo, pakati pa makireti, ndikuyetsemula.

M'mawa aYohane anandipeza ndikumwa tiyi kuseri kwa nyumba. Anakhala pa njerwa. Anali atavala jekete ija ngakhale kunkatentha.

"Alamu, ndikuuzeni chilungamo, poti jekete yandikwana. Achemwali anga sakukuthamangitsani. Komanso sanakulandireni. Akuti nyumba iyi sanamangire kuti munthu achoke ku Joni adzakhale pa mpando n'kumalamula. Aona zambiri. Mzimayi wa kuseriku anali ndi golosale yake. Mwamuna atabwera ku migodi, sabata isanathe analembapo dzina lake pa khoma. Lero mayiyo amapempha sopo m'golosale yake yomwe."

"Ine sindinapemphe kanthu."

"Akuti aone kaye ngati muli ndi ntchito pakhomo pano. Ngati mulibe, kwanu ku Mitundu kukadalipo. Mkamwini ndi mkamwini, alamu, ngakhale wa imvi."

Ndinamva. Kwathu ku Mitundu makolo anali atamwalira, munda unagawidwa. Ndikanakafikira pa khonde la mphwanga. Ndipo kunena zoona, sindinabwerere Mitundu. Ndinabwerera Nachisale.

Ndinaganiza zoyamba ndi amalonda a matumba. Koma choyamba chinali kuyatsa makina. Pulagi ya ku Joni ndi ya mano obulungira. Mabowo a pa khoma kuno ndi a makona. AYohane anati, "Ngakhale khoma lakukanani." Ndinapita kwa Amwenye, ndinagula pulagi ina, ndinalumikiza. Chigayo chinalira. Nkhuku zinathawa pabwalo. Mwana wa aneba analira.

Ndinasindikiza zitsanzo. CHIMANGA. MTEDZA. NYEMBA. Zilembo zonenepa, mbidzi yaikulu pansi pake. Ndinapita nazo kumsika. Amalonda anazitembenuza uku ndi uku.

"Bambo, thumba la chimanga likufuna kulembedwa kuti chimanga? Ukaligwira sukumva?"

Wina anandionetsa khala. "Makina anga ndi awa. Safuna magetsi."

Ndinazungulira mpaka ku malo a fodya. Kumeneko anali ndi njira zawo kale. Ndinabwerera ndi zitsanzo zanga m'thumba la malaya. Nachisale anandipatsa chakudya pa khonde, monga mlendo. Anandipatsa ndiwo zabwino, koma pa khonde.

Tsiku lina panaima galimoto. Anatsika mayi wamtali, wa nsapato zogogoda. Anali Mayi Gondwe, amene Nachisale ankawaphikira ku Area 11. Tsopano ankayendetsa sitolo ku City Centre, kumene amagula a m'maofesi ndi azungu a ku maofesi a akazembe. Tsabola wambiri wa Nachisale ankapita kumeneko. Anali ndi botolo m'manja.

"ANachisale, taonani izi."

Lebulo yake inali yolemba pamanja, ndi bolopeni. Mafuta anali atadontherapo, inki yayenderera.

"Tsabola wanu alibe mnzake. Koma pa shelefu akuoneka ngati mankhwala a sing'anga. Makasitomala atsopanowa amafuna chosindikiza. Mwezi uno ukatha ndi malebulo a pamanja, ndiyamba kuitanitsa wa ku Blantyre. Sindikufuna, koma sitolo si yanga ndekha."

"Osindikiza a m'tauni akuti ndidikire, ali ndi ntchito za boma," anatero Nachisale.

Mayi Gondwe anandiona nditakhala pa mpando. "Awa ndani?"

"Alendo a ku Joni."

Mawu amenewo anandilasa kuposa chisanu chonse cha ku komboni.

AYohane, amene sasowa pamene pali nkhani, anati, "Alendowa ali ndi makina a malebulo, mayi. Aakulu. Akalira, Area 1 yonse imadziwa."

Ankanena mwachipongwe. Koma Mayi Gondwe anati, "Ndiye mukudikira chiyani? Yesani."

Galimoto itapita, Nachisale anandipatsa lebulo imodzi ya pamanja kuti nditengere mawu. Kukula kwake ngati bokosi la machesi. Panalembedwa kuti: Tsabola wa kambuzi wokazinga ndi mafuta a mtedza ndi adyo, wopangidwa mwaukhondo ku Area 1, Lilongwe. Gwedezani musanathire. Sungani pozizira. Mulungu akudalitseni.

Ndinaiyang'ana. Ndinamva mawu a aMhango ngati ali pa bedi la pamwamba. Iyi inali ntchito ya Dona. Dona anali ku Joni, mwina atatayidwa kale.

Ndinayesabe. Ndinachepetsa zilembo mpaka pamene makina amathera. Ndinaikanso mbidzi pansi, poti lebulo yopanda mbidzi kwa ine inali ngati munthu wopanda nsapato. Chigayo chinalira, chinalavula.

AYohane anatenga pepala, analiyandikiza ku maso, analitalikitsa.

"Alamu, apa mwalemba kapena mwapha nyerere ndi chala?"

Mbidzi inali chibanthu chakuda. Mawu oti mwaukhondo ndiwo anada kuposa onse.

Nachisale anayang'ana nthawi yaitali. "Zikomo. Mwayesa," anatero. Analowa kukhitchini.

Bola akanaseka.

M'mawa mwake ndinakhala pakhonde ndi botolo limodzi. Ndinalitembenuza. Makina sindingasinthe. Madontho ake ndi omwewo, sachepa. Chotsala ndi lebulo ndi mawu. Ndinatenga ulusi, ndinazunguliza pa mimba ya botolo, ndinauwongola. Kutsogolo botolo ndi laling'ono, koma kuzungulira ndi lalitali ndithu. Pepala lozungulira botolo lonse likhoza kunyamula zilembo za Chigayo zenizeni, zosafinyidwa. Koma mizere itatu yokha. Osapitirira.

Ndinamuitana. "ANachisale, tabwerani."

Anabwera akupukuta manja.

"Makinawa si oipa. Madontho ake ndi akulu. Akufuna malo ambiri, mawu ochepa."

"Ofanana ndi eni ake."

"Tichotse mawu."

Anakoka mpando. Nkhondo inayamba, iye akuwerenga mawu ake, ine ndikudula.

"Wokazinga ndi mafuta a mtedza ndi adyo."

"Zichoke."

"Anthu adziwa bwanji kuti muli adyo?"

"Ali ndi mphuno."

"Wopangidwa mwaukhondo."

"Zichoke."

"Ndiye aziti ndi wauve?"

"Aziona botolo."

"Gwedezani musanathire."

"Amene sagwedeza tsabola asamudye."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Pakamwa pake panagwedera pang'ono.

"Mulungu akudalitseni. Amenewa musawakhudze."

"Adzawadalitsabe. Sadikira lebulo."

Kenako analoza chitsanzo cha dzulo lake. "Nanga chakuda ichi n'chiyani?"

Ndinafotokoza za mbidzi. Za cholembera cha kanyali, za pii. Ndinati pa pepala lozungulira ndikhoza kuitambasula, mzere woonda ukhale wa madontho awiri, mipata ikhale yoyera, iwerengeke bwino. Ndinayankhula kwambiri tsiku limenelo kuposa chaka chonse.

"Kwa Mayi Gondwe chilipo cholembera chimenecho?"

"Iyayi."

"Kuno ku Lilongwe alipo amene ali nacho?"

"Sindinaone."

"Ndiye aziwerenga ndani?"

"Zidzabwera."

"Zikadzabwera mudzandiuze. Mawu anga mwachotsa. Mbidzi yanunso ichoke."

Inandipweteka. Koma anali ndi mfundo. Lebulo imalembedwera wowerenga amene alipo.

Panatsala mizere iwiri. TSABOLA WA KAMBUZI. LILONGWE. Wachitatu, wa pamwamba, wa zilembo zazikulu kuposa yonse, unali wopanda kanthu.

AYohane anali atafika, akudya chinangwa chathu. "Apa ndiye pali mlandu," anatero. "Malo a dzina ndi amodzi. Achemwali sanalembepo dzina chiyambire, koma chosindikiza chimafuna dzina. Ku sitolo zonse zili ndi mayina. Ndipo mwini makina ndi amene amagwira mabatani. Si choncho, alamu? Mulembe lanu, muwonjezere kuti ndi ana ake, ngati masitolo a Amwenye."

Ankaseka. Nachisale sankaseka. Anaimirira, anakonza epuloni.

"Lembani zimene munabwerera," anatero, n'kupita kukhitchini.

Ndinadula pepala. Ndinadina mabatani. Chigayo chinalira, nkhuku zinathawa. Ndinaphika guluu wa ufa wa chinangwa, ndinapaka, ndinazunguliza pa botolo lodzaza. AYohane anatambasula dzanja kuti aone. Ndinawakaniza.

Ku fakitale lebulo ya katoni sitinkaiyesa m'manja. Tinkaiyesa patali. Ndinaimika botolo pa khoma la khonde. Ndinapita kukhitchini.

"Tiyeni ku geti."

"Ndili pa moto."

"Tiyeni."

Anabwera monyinyirika. Tinaima pa geti, bwalo lonse lili pakati pathu ndi botolo.

"Vulani magalasi."

"Mwapenga?"

"Vulani."

Anavula. Anatsinzina pang'ono. Milomo yake inayenda, chilembo ndi chilembo. NACHISALE. Zilembo zonenepa, zakuda bii, tsabola wofiira kumbuyo kwake.

Anapukuta magalasi ndi epuloni, anapukutanso, ngakhale anali oyera.

"S wake wapendama," anatero.

"Ndi mmene chimalembera."

"Hmm."

Anabwerera kukhitchini. Masana amenewo chakudya changa chinaikidwa pa tebulo la m'nyumba.

Tinasindikiza, tinamata, mpaka zala zinauma ndi guluu. Tsiku lopereka katundu tinakwera basi limodzi kupita ku City Centre, ine nditasenza kireti. Kanali koyamba kulowa m'sitolo imeneyo. Pansi poterera, mashelefu aatali. Mabotolo a kunja anali pamenepo, malebulo okongola, tizilembo ta Dona tokhatokha. Kuti uwerenge, uyenera kunyamula botolo ndi kuliyandikiza ku mphuno.

Mayi Gondwe anatenga lathu. Analitembenuza.

"Si lokongola," anatero.

"Iyayi," ndinavomera.

Analiika pa shelefu pakati pa a kunja aja. Anabwerera m'mbuyo. Anabwereranso, mpaka anafika pa khomo la sitolo. Anaseka.

"Koma likukuwa! Enawa akunong'ona."

Tikadali pomwepo analowa bambo wina wa taye, wothamanga, nthawi ya nkhomaliro. Ali pa khomo analoza. "Mundipatseko wa Nachisale uyo, awiri."

Nachisale anatembenuka ngati wina wamuitana. Kenako anakumbukira kuti dzina lake lili pa botolo. Anamuuza bamboyo kuti, "Muzigwedeza musanathire. Mulungu akudalitseni." Mawu amene ndinachotsa pa pepala anawabweza ndi pakamwa.

Mayi Gondwe anati tsabola wa ku Blantyre akhale konko. Anafunsanso ngati makinawo angalembe malebulo a makatoni a m'nyumba yawo yosungira katundu, chifukwa anyamata ankasokoneza sopo ndi shuga. Ndinati angathe. Sindinawonjezere.

Kutacha, aYohane anadzera kwathu akuchokera ku ulonda, monga mwa masiku onse, kudzafuna tiyi. Ine ndinali pakhonde ndi mabotolo ndi guluu. Nachisale anali pa mphasa akusankha tsabola, akuyasamula motsatizana, maso ofiira.

"Achemwali, mwadwala?"

"Sindinagone."

"Udzudzu?"

"Udzudzu wanji. Zaka zonsezi ndakhala ndikugona mwamtendere m'chipinda changa. Anthu awa mkonono wawo ndi wa ku fakitale. Ndawagwedeza, ndawatembenuza, ayi ndithu. Mawa mundigulire thonje la m'makutu."

AYohane anayang'ana mlongo wawo. Anayang'ana ine. Pakamwa panatseguka, mawu osatuluka. Chikhalire ndinali ndisanaonepo zimenezo.

Ndinati, "Alamu, gwirani botolo. Guluu akuuma."